Mutu wa Njinji

Malire a Rhodesia atatsekedwa, ntchito yanga yotsitsa katundu pa siteshoni ya Livingstone inangoti zii. Ndinakhala pakhonde kwathu ku Maramba mpaka mpando unatopa nane. Tsiku lina ndinauza mkazi wanga Namakau kuti basi, ndikupita ku Dar es Salaam, kumene katundu wa Zambia anayamba kudzera. Nthawiyo mwana wathu Sepo anali akukwawa kumene.

"Yendani," anatero Namakau, "koma nsomba za kwa eni zisakakuiwalitseni pakhomo."

Kudoko ndinkasenza matumba, thukuta kamukamu. Ndalama ndinkapatsira madalaivala a malole; zina zinkafika, zina zinkathera m'njira, ludzu la dalaivala mukulidziwa inu. Makalata a Namakau anali afupi ngati mchira wa mbuzi: tili bwino, denga likudontha, Sepo wayamba kuyankhula. Lamlungu ndinkakhala m'mbali mwa nyanja yamchere ija, khutu lili tcheru ngati ndimva mkokomo wa mathithi a kwathu a Mosi-oa-Tunya. Ndinalirapo, sindibisa. Chomwe chinkanditonthoza ndi pweza wootcha, chinyama cha m'nyanja chamiyendo yambirimbiri, chimene asodzi akumeneko amawaza mandimu ndi tsabola. Ndinkadya ndikulumbira kuti tsiku lina banja langa lidzalawa.

Zaka zinapitapo. Ndinabwera m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nditanyamula wailesi, zitenje ndi pweza wouma wokulunga m'nyuzipepala. Namakau analulutira mpaka mzere wonse wa nyumba unatuluka. Koma Sepo, amene tsopano anali wa msinkhu woyamba sukulu, anabisala kumbuyo kwa chitenje cha mayi ake.

"Ba ankolo aba bazagona kuno?" anafunsa.

Anthu anaseka. Ine zinandilasa mtima. Ndinamupatsa masiwiti, analandira ndi manja awiri ngati akulandira kwa mlendo wa kutchalitchi. Sabata yonse ndinali ba ankolo m'nyumba yangayanga.

Loweruka ndinati lero Sepo aona kuti bambo wake ndi munthu woyenda. Ndinatulutsa mbaula pansi pa mtengo wa mango, kukoleza makala, kuyala waya pamwamba. Pweza uja ndinali nditamuviika chim'mawa. Ndinaitananso aneba athu, ba Mweemba, kuti pakhale mboni.

Nditangomuika pamoto, miyendo ija inayamba kupindika yokha. Sepo anakuwa, liwiro mpaka kuseri kwa nyumba. Ba Mweemba anavula chipewa n'kusuzumira.

"Ba Phiri, ichi ni chakudya olo ni mankhwala?"

"Lawani kaye, inu simunayende!" ndinatero, mtima ukuwira.

Analawadi, munthu waulemu. Anatafuna, kutafuna, maso ali kumwamba, kenako anati, "Chili bwino, koma tayala ya njinga yanga niyofewako." Ndinalawa nanenso. Kalanga ine, mchere wokhawokha, kulimba ngati lamba! Namakau anaseka mpaka anagwira mtengo wa mango.

"Ninaziba kale ine," anatero akupukuta misozi. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi beseni la njinji, nsomba za mu Zambezi zonga chambo, zimene anagula mobisa kumsika wa Maramba.

Apa ndiye tinagwirizana. Iye anazing'amba, ine ndinazitema m'mbali, kuthira mchere, kufinyira mandimu ndi tsabola monga ndinaphunzirira kunyanja. Mafuta ankadonthera pamakala, utsi n'kukwera m'masamba a mango, khungu likuti thethethe. Fungo lake linamukoka Sepo. Ndinamuona akusendera pang'onopang'ono, maso ali pawaya.

Zitapsa, Namakau anadula mutu wa njinji yaikulu, n'kuuika m'mbale yachitsulo yobenthuka, yanga yakalekale ija. Sepo anaitenga mosafunsa, ngati chizolowezi, koma atangotembenuka anaima.

"Pano mutu wa nsomba ni wa mwine nyumba," Namakau anandiuza motsitsa mawu. "Zaka zonse izi nenze kuika mu mbale yanu. Nenze kumuuza ati, ni wa batate bako uyu, ubasungile mu mimba. Ndiye amadya ni yeve."

Ba Mweemba anayamba kukonza makala osafunika kukonza. Sepo anayang'ana mutu, anayang'ana mayi ake, anayang'ana ine. Namakau sanamuthandize ngakhale ndi diso. Ndinkaopa kuti mwanayo akakhala pansi n'kuyamba kudya, ndiye kuti ndikhalabe ba ankolo.

Anabwera. Anagwada monga anamuphunzitsira mayi ake, n'kuika mbale ija pamiyendo panga.

"Batate, mutu wanu." Chala chake chinatsalira m'mphepete mwa mbale. "Koma maso ni yanga."

Ba Mweemba anawomba m'manja, Namakau analulutiranso, ine ndikuseka misozi ili mbwembwembwe. Zaka zonsezo ndinkadzitama kuti ndine ndikudyetsa nyumba ija ndili kutali, osadziwa kuti nyumbayo inkandipakulira osaphonya. Maso a njinjiyo ndinamupatsa onse awiri, ndipo anadyera pamiyendo panga.