Mowa umene ndinamwa pansi pa msolo

Ndinafika zaka makumi asanu ndi limodzi mowa usanadutsepo pakhosi panga. Sindikunena modzitama. Ndinabatizidwa ndili wamng'ono, ndinakwatira mkazi wokonda kupemphera, ndinagwira ntchito ya pasikelo pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Chitakale mpaka kupuma, ndipo mpingo unandisankha kukhala mkulu. Mowa unali wa anthu ena. M'nyumba mwanga unalowa ndi mwana wanga wamwamuna, mmodzi yekhayo amene anatsala mwa ana athu atatu.

Anayamba amayi ake atangomwalira. Anali bambo wapabanja, makaniko pa galaja ya esiteti yomweyo. Inali nthawi ya masacheti, timapaketi ta mowa waukali tija tinadzaza m'maokala monse. Munthu ankatha kubisa tisanu m'sokosi. Ntchito inatha. Kuchikamwini anamupirira chaka chimodzi, kenaka anamulongedzera chikwama, nabwerera kwa ine. Timapaketi topanda kanthu ndinkatipeza m'thumba la ovolosi, kudenga kwa chimbudzi, ndipo tsiku lina ndinakapeza kamodzi m'buku la nyimbo la amayi ake.

Ndinapemphera, ndinasala kudya, abusa anabwera kangapo. Iye ankagwada nafe, kulira, kulonjeza, mawa lake n'kumwa. Maso anasanduka achikasu, mimba ndi mapazi zinatupa. Kuchipatala adokotala anandiitanira pambali nandiuza kuti chiwindi chatopa, ndipo akapitiriza sindifika naye mvula ikubwerayo. Pobwerera tinatsika pa Chitakale. Ndinangotembenuka kupereka moni kwa munthu wodziwana naye, mwana wanga n'kuzimiririka kuseri kwa mashopu. Anabwera akupukuta pakamwa, mapiritsi a kuchipatala ali m'dzanja linalo.

Bwana wake wakale pa galaja anali mmwenye wachikulire wa chipembedzo cha Asiki, wa ndevu zoyera, nsalu yokulunga kumutu ndi chibangili chachitsulo padzanja. Ndi iye amene anasaina kalata yomuchotsa ntchito, ndi iyenso amene anabwera kunyumba kwanga osaitanidwa. Anandipempha kuti Lamulungu lililonse azimutenga pa galimoto kupita ku Limbe, kunyumba yawo yopempherera, kumene amaphikira aliyense wobwera ndipo onse amadya atakhala pansi, bwana ndi wantchito yemwe.

"Chipembedzo changa sindimupatsa, bambo," anatero m'Chichewa chake cha kugalaja. "Ndimupatsa mbale atsuke, ufa akande. Manja akhale ndi ntchito ya anthu."

Ndinalola, ngakhale akulu anzanga ankang'ung'udza kuti mwana wa mkulu wa mpingo akudya Sabata kwa amwenye. Kwa milungu isanu ndi umodzi anachepetsa kumwa. Ankabwera akununkha anyezi ndi sopo. Kenaka mmwenye uja anapuma pantchito, ana ake akunja n'kumuitana. Tsiku limene anabwera kudzatsanzika anapeza mwana wanga ali gone pansi pa mango, atadziipitsira. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ine mtima ukadwala ndimapita kwa anthu anga, ndikhala nawo pansi," anati. "Uyu anthu ake ali kuti?"

Ndinayankha kuti ali kumpingo.

"Nanga a kwa amayi ake?"

Abale a mkazi wanga ndi Alomwe a ku Limbuli, ndipo chiikireni maliro ake sitinkayenderana. Iwo anafuna kufulula mowa wa mmeto monga mwa mwambo wawo, ine ndinakana, ndinati malemu anali Mkhristu. Anachoka osatsanzika.

Mmawa mwake ndinakwera kabaza kupita ku Limbuli. Alamu anga, mchimwene wamkulu wa mkazi wanga amene ndi mwinimbumba, ndinawapeza akusema mpini.

"Alamu, njinga yasochera kodi? Kapena Baibulo latha masamba?"

"Mwana akufa, alamu."

Anaika mpini pansi. "Tikudziwa. Timamva kwa akabaza. Mwana uja ndi wathu, inu munangobereka. Mlongo wanga munamuika ndi nyimbo zokhazokha. Anapita ndi ludzu, ndiye akumwera pakhosi pa mwana wake."

"Mlongo wanu sanamwepo mowa moyo wake wonse."

"Iyeyo ayi. Nanga amayi athu ndi agogo amene anakamulandira kumeneko, anawapatsa chiyani? Anafika chimanjamanja ngati wopanda abale. Pafunika kumuthirira nsembe ya mowa."

Sindinakhulupirire, ndipo mpaka lero sindikudziwa. Koma ndinali nditagogoda paliponse pamene ndinkapadziwa, ndipo mitambo ya mvula inali itayamba kusonkhana paphiri. Ndinafunsa ngati nsembeyo singatheke ndi thobwa.

"Thobwa ndi la ana ndi akulu a mpingo," anatero alamu. "Bweretsani mwana."

Mowa wamasese umatenga pafupifupi mlungu kuti upse. Mlungu wonsewo tinakhala kwa alamu, ine ndi mwana wanga m'kanyumba kamodzi, iwo atamuuza kuti wothiriridwa nsembe sachoka pamudzi ndipo samwa mpaka tsikulo. Amalume ake ankawaopa kuposa mmene ankandiopera ine. Tsiku lachiwiri anayamba kunjenjemera, kapu ya madzi osatha kuifikitsa pakamwa. Tsiku lachitatu ankasasa nyerere zimene panalibe m'mikono mwake, thukuta lili kamukamu. Panja, mng'ono wa mkazi wanga ankatakasa mowa mumgolo, fungo lake n'kumalowera pazenera. Ndinatseka zeneralo ndi jekete langa. Ndinkamugwira manja ndikuimba motsitsa nyimbo zimene amayi ake ankakonda, kwinaku ndikudzifunsa ngati sindinamubweretse kudzafera pafupi ndi mgolo wa mowa. Tsiku lachisanu anapempha phala. Anadya masipuni anayi, osasanza.

Tsiku la nsembe tinalawira kumsolo, mtengo waukulu wothirirapo nsembe umene uli kumapeto kwa minda yawo. Pansi pake anali atasesa. Onse anavula nsapato n'kukhala pansi. Ine ndinaima kumbuyo, chipewa chili m'manja, ndikunena Pemphero la Ambuye chamumtima. Alamu anatapa ufa wa mapira n'kumauthira pang'onopang'ono patsinde, akutchula m'Chilomwe maina a akufa awo mmodzimmodzi, enawo akuomba m'manja. Dzina lomaliza linali la mkazi wanga. Ndinali ndisanalimve likutchulidwa mokweza kwa zaka zitatu.

Kenaka anatunga mowa m'chipanda napatsa mwana wanga kuti athire yekha. Anachigwira ndi manja awiri, mowa ukukhavukira m'zala. Anathira pa ufa paja, n'kulankhula mawu amene palibe anamuphunzitsa.

"Amayi, ndatopa. Ngati ndinu, ndisiyeni. Ngati si inu, ndithandizeni."

Ndinaganiza kuti zatha. Koma alamu anamugwira dzanja chipanda chisanathe, n'kunena kuti wotsalawo amwe. Pamwambo wa banja lawo, wothiriridwa nsembe amamwa wotsala m'chipanda, kusonyeza kuti wagawana ndi akufa. Akapanda kutero, nsembe imakhala ngati yawatayira pansi basi. Palibe anandiuza zimenezi, chifukwa kwa iwo n'zodziwikiratu.

Mwana wanga anali atatha masiku asanu ndi awiri osamwa, koyamba chimwalirireni amayi ake. Ndinaona mmene ankayang'anira m'chipandamo. Ndinkamudziwa. Akanalawa kamodzi, dzuwa likanalowa ali kumsika wa Limbuli.

"Alamu, ayi."

"Mwambo si wanga, alamu. Ndinaupeza."

"Palibe wina angamwe m'malo mwake?"

Anakambirana m'Chilomwe ndi mlongo wawo uja anafulula. Mayiyo ndiye anandiyankha, osandiyang'ana.

"Khanda likathiriridwa nsembe, amamwa ndi amene analibereka. Uyu si khanda, koma mphamvu alibe. Amayi ake kulibe."

"Bambo ake alipo," ndinatero.

"Inu ndinu mkulu wa mpingo, alamu," anatero mwinimbumba, ndipo ulendo uno sankaseka.

Ndinavula nsapato. Ndinagwada pambali pa mwana wanga n'kumasula zala zake pachipanda chimodzichimodzi, chifukwa sizinkafuna kusiya. Mowawo unali wofunda, wowawasa, wa timisere totsalira m'mano. Ndinamwa wonse kuti pasatsale kadontho. Nditatsitsa chipanda, iye anaika mutu pa maondo anga n'kulira misozi imene sanalire pa tsiku la maliro a amayi ake.

Ndinakadzinenera ndekha kwa akulu a mpingo, mbiri isanafike ndi anthu ena. Ndinawauza zonse, za msolo, za ufa ndi za chipanda. Anandifunsa ngati ndikulapa. Ndinati ndikudziwa kuti ndalakwira malamulo amene ndinalumbira kuwasunga, koma sindinganame pamaso pa Mulungu kuti atandibwezera mmawa umenewo ndikanamusiya mwanayo amwe. Anandichotsa paukulu n'kundiimitsa kudya mgonero. Sindiwada. Ndikanakhala kumbali yawo ya tebulo, mwina ndikanagamula chimodzimodzi.

Mwana wanga anatsala kwa amalume ake. Amakonza njinga za akabaza pansi pa mtengo pamsika. Mvula inabwera, inatha, iye alipo. Anatha miyezi inayi osamwa, kenaka anagwa pamaliro a mnzake, alamu n'kukamutola m'ngalande. Anayambiranso kudziletsa. Mimba inaphwa, koma maso sanayere kwenikweni, ndipo adokotala sanalonjeze kanthu. Anthu amandifunsa chimene chinathandiza, mapemphero, mbale za ku Limbe kapena msolo. Ndimawauza kuti sindinganene kuti chathandiza chilipo, chifukwa munthuyo akadali pankhondo.

Lamulungu lililonse amapalasa njinga kuchokera ku Limbuli kudzanditenga. Timakhala limodzi pa benchi ya kumbuyo, ndipo tsiku la mgonero chikho chimatidutsa tonse awiri. Akachedwa pang'ono ndimakaima kumsewu, ndikuyang'ana njinga iliyonse yotulukira pakona pa munda wa tiyi. Akafika n'kupereka moni, ndimasendeza mutu pafupi ndi pakamwa pake ngati makutu andivuta. Iye amadziwa chimene ndikufuna. Amapuma pang'onopang'ono kuti ndinunkhize bwino, kenaka amagwira chishalo.

"Kwerani, bambo. Tachedwa."