Amene Amangokhala

Kukamacha, Atelala amakhala atatereka kale madzi pamoto. Amayamba ndi kutembenuza mayi awo, poti chidwalireni matenda ofa ziwalo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, sathanso kudzitembenuza okha. Amawavula thewera, kuwapukuta ndi kansalu kofunda, kuwadzoza mafuta kumsana ndi m'zidendene kuti zilonda zisabuke, kenako kuwanyamula n'kuwakhazika pampando wamatayala pafupi ndi zenera. Akatero amagwada m'mbali mwa bedi n'kupemphera, koma mwachidule, chifukwa tiyi wa odwala sachedwa kuzizira.

Utelala unangotsalira padzina. Makina awo ali pakona, ofunditsidwa nsalu, ndipo pamwamba pake ndi pomwe pamakhala mabotolo a mankhwala. Kale anali ndi khonde lawo m'mbali mwa msewu wa kumsika, anthu n'kumachita kudikira pabenchi kuti ayesedwe. Mayi atagwa, anatseka khondelo akuti kwa mwezi umodzi. Lero ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, ulusi sulowanso pasingano popanda magalasi, mwana alibe, ndipo nyumba akukhalamoyo ndi ya abale onse. Amadziwa kuti tsiku limene mayi adzatsikire kumanda, ndalama zobwera pakhomopo zidzatsikira nawo.

Ndalamazo amatumiza ndi mng'ono wawo wa kubanki, amene amakhala mumzinda. Saphonya mwezi, ndipo Atelala sanganame pamaso pa Mulungu kuti sathandiza. Chimene chimawadya mumtima n'china. Foni ikangolira, mbali ya nkhope ya mayi yomwe idakali yamoyo imawala.

"Ndi mwana wanga wa kubanki?" amafunsa lilime likulemera. "Ameneyo ndiye akundisunga."

Nthawi zambiri mawuwo amawapeza Atelala ali ndi beseni la zochapa m'manja.

Kuti nsanje ndi tchimo amadziwa. Anakaulula kwa abusa, abusa n'kuwauza kuti mphoto yawo ili kumwamba. Anavomera. Koma pobwerera anadzifunsa kuti bwanji mng'ono wawo yake akulandiriratu pansi pano.

Chaka chatha wa kubankiyo anabwera pagalimoto yatsopano, akununkhira mafuta okwera mtengo. Anapsompsona mayi pachipumi, n'kuyala mapepala patebulo.

"Achemwali, tiziyendera pulani. Kupanda kutero tizingotunga madzi ndi dengu."

Kunena zoona, mutu wake umagwira. Zonse anali ataziika m'mizere: mankhwala, matewera, sopo, galimoto yopitira kuchipatala, inshulansi ya maliro. Mmunsi munali mzere wa mayi wolembedwa ganyu, woti azidzagwirizira masabata awiri pachaka Atelala akafuna kupuma. Atelala anavala magalasi. Malipiro a masabata awiriwo ankaposa zomwe iwo ankapeza pamakina mwezi wabwino.

"Kani ntchito imeneyi ili ndi mtengo?"

"Ee, wakunja sangagwire ulele."

"Nanga wam'nyumba?"

Wa kubanki anaseka mpaka kuwamenya paphewa. "Inunso achemwali! Mayi anu okuberekani muwalipiritse? Akamva anthu atiseka."

Nawonso anaseka, poti mayi ankayang'ana.

Kenako anafika pa fomu ya inshulansi, yofuna mayina a onse a m'nyumba. Wa kubanki analemba dzina la mkulu wake, zaka, n'kuima cholembera chili m'mwamba.

"Apa akuti ntchito. Ndingoti mumangokhala eti?"

Sananene mwachipongwe ayi. Ndi mmene anthu amanenera za aliyense wosapita kuntchito m'mawa. Atelala anayang'ana manja awo osweka ndi sopo, zikhadabo zodulidwa mpaka m'mnofu kuti zisakande odwala.

"Lemba momwemo. Wophunzira ndiwe."

"Mwakwiya?"

"Wongokhala akwiyirenji? Watopa ndi chiyani?"

Masana amenewo, pochapa, anapekesa nsalu ya pabedi mpaka inang'ambika pakati. Anaisoka pamanja, chifukwa kuti afike pamakina akanayenera kusuntha mankhwala onse.

Mng'ono wawo amaimbabe Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Amafunsa ngati mayi adya, ngati matewera akwanira mwezi uno, ngati mpando sukufuna matayala ena. Atelala amayankha zonse bwinobwino, kenako amachedwa dala kudula foni, kudikira ngati atchule nkhani ina. Tsiku la mapepala lija anamuperekeza mpaka pagalimoto, ndipo injini italira kale anawerama pazenera n'kupempha chinthu chimodzi. Iye anati akaona kaye, adzaimba.

"Papulani yako ija," anatero Atelala pazenera paja tsiku limenelo, "wonjezerapo mzere wanga. Kangachepe, uzindisungira kubanki kwanuko mwezi ndi mwezi, kuti mayi akadzapita ndisadzabwere kudzagogoda pageti pako."