Zilembo Ziwiri pa Fomu ya Ngosa

Inu amene mwatsala pang'ono kuponya cholembera pansi n'kunena kuti sukulu ndi ya ana a eni, takhalani kaye pansi mumve za Ngosa Kapambwe wa ku Chifubu, kuno ku Ndola.

Lachitatu lina masana, Ngosa anakhala pamwala kuseri kwa ofesi ya sukulu ina ya zamalamulo, misozi ili chuchuchu. M'manja mwake munali fomu yofunsira malo, itakhwatchidwa ndi inki yofiira. Mayiyu anali ndi zaka 34, wamasiye, wa mwana mmodzi dzina lake Bupe. Mayeso a Giredi 12 analephera ali mtsikana, ndipo anachita kuwabwereza katatu kuti akhoze bwino. Tsopano atafika pakhomo penipeni, mlembi wa muofesiyo anamubweza.

"Mayi, wofuna kukhala loya sayamba ndi bodza," anatero mlembiyo. "Pamafunika maloya awiri okuchitirani umboni. Apa mwalemba kuti a Kabaso ndi SC, koma pamndandanda wa ma SC palibe dzina lotere. Tawaimbira foni, akalipa, ati muwachotse. Tikutseka Lachisanu 4 koloko. Mukapanda kubweretsa fomu yolongosoka, malo anu tipatsa wina."

Bodza? Ngosa anali asananamizepo munthu ngakhale pa mtedza umodzi. Chimene chinamupweteka ndi ulemu.

Kwa zaka khumi ndi ziwiri, iye ankaotcha chinangwa ndi kukazinga mtedza pambaula, pageti la khoti lalikulu. Anayamba ntchitoyi mwamuna wake atamwalira, achibale atamulanda nyumba. Tsiku la mlandu wa nyumbayo anakhala m'khoti momwemo osamva ngakhale liwu limodzi la zimene zinkakambidwa, mpaka anachita kufunsa mlonda kuti adziwe kuti waluza. Kuyambira pamenepo mtima wake unali pa zamalamulo, ngakhale manja anali pamakala.

Tsono SC ndi zilembo ziwiri zimene mtsogoleri wa dziko amapatsa maloya ochepa okha, mikhalakale pantchitoyi. Koma pageti paja zilembozi timazigawa ngati basela wa mtedza. Aliyense wotsika m'galimoto yonyezimira, otsuka magalimoto ndi ogulitsa malonda amamukuwira kuti, "Ba SC! Ba SC afika!" A Kabaso, loya wachinyamata wa suti yothina, ankangokweza dzanja n'kumwetulira, osatsutsa. Ngosa atawapempha kuti amuchitire umboni, anavomera akutafuna chinangwa, ndipo iye anakawalemba monga mmene geti lonse linkawaitanira.

Loya wachiwiri anali mkulu wina wobwera wapansi, wa ambulera ndi jekete lofwifwa, amene mkanjo wake wa kukhoti ankaunyamula m'jumbo. Onse ankangomuti Bashi Mpundu, poti anali tate wa mapasa. Pafomu Ngosa anangolemba kuti Bambo Nsofwa, basi.

Lachinayi m'mawa anapita kukapepesa kwa a Kabaso. Anawapeza nkhope ili ndwii.

"Bana Bupe, mukufuna andilande chiphaso?" anatero loyayo, kumuitana monga mayi wa Bupe. "Zapageti n'zapageti. Papepala, loya akadzitcha chimene sali, bungwe lathu limamuitanitsa. Zaka zanga pantchito n'zinayi zokha, ndiye inu mukundiveka chisoti cha agogo anga? Iyayi, mukafune wina."

Ngosa anabwerera pambaula. Mnzake wogulitsa zitumbuwa, Bana Kunda, mayi wa pakamwa posatopa, anamuonera patali.

"Tawaonani Ba Loya athu! Mlandu woyamba aluza asanalowe n'komwe m'kalasi. Iwe mwana wa amayi, kupiza moto apa. Chinangwa sichifunsa fomu."

Mawuwo anamulasa Ngosa, chifukwa nayenso ankaganiza zomwezo. Anatsala pang'ono kuiponya fomuyo pamakala.

Cha m'ma 10 koloko Bashi Mpundu anatulukira ndi ambulera yawo, kudzagula chinangwa monga mwa masiku onse. Ataona maso otupa a Ngosa anafunsa chimene chavuta, ndipo anapempha kuona fomuyo. Anavala magalasi, anawerenga, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayo! Ndiye mwandivula ine n'kumuveka mnyamata uja?"

"Kukuvulani chiyani, tata?"

"Zilembo zomwezi. Ndakhala nazo zaka makumi awiri."

Ngosa anagwada pafumbi pomwepo, manyazi atamugwira mpaka kuzala za kumapazi. Kwa zaka zonsezi ankaseka ndi mkulu ameneyu za mapasa ake, nthawi zina n'kumudzudzula kuti amasankha kwambiri chinangwa.

"Dzukani, chinangwa changa chikupserera," anatero mkuluyo. "Pano ndine Bashi Mpundu, ndipo ndimakonda choncho. Koma papepala mumalemba chimene chilipo. Anakuuzani ndani kuti Kabaso ndi SC?"

"Aliyense amatero, tata."

"Aliyense ndi mboni imene sibwera kukhoti. Mukafuna kulemba dzina la munthu, mumufunse mwini wake kuti, 'Ndikulembeni bwanji?' Akakuuzani, musawonjezere, musachotse. Limeneli ndi phunziro lanu loyamba, ndakupatsani laulere."

Ngosa anayembekezera kuti mkulu wodziwika chotere angoimba foni imodzi, loya wachiwiri n'kupezeka. Koma ayi ndithu. Anasaina mbali yake pafomu yatsopano, anatenga chinangwa chake, n'kunena kuti, "Winayo mukamupeze nokha. Loya amayenda."

Anayendadi mayi uja. Mbaula anasiyira Bana Kunda, amene anailandira akung'ung'udza. Lachinayi masana anagogoda pazitseko zinayi za maloya m'tauni, zovala zikununkha utsi. Pena anamuuza kuti bwana ali ku Kitwe, pena kuti sakumudziwa, pena anamufunsa ngati wabwera kudzagulitsa mtedza. Lachisanu m'mawa anagogoda pazitseko zina zitatu, yankho lomwelo. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, choncho ngakhale mapazi anali atatupa, anakwera masitepe a ofesi yachisanu ndi chitatu nthawi itakwana 2 koloko.

Imeneyi inali ofesi ya Mayi Lombe Mwango, loya amene zaka zapitazo, ali ndi pakati, sankadutsa pageti osagula mtedza wa Ngosa. Sekilitale wawo anamva nkhani yonse n'kumumvera chisoni.

"Tamverani, ndikuthandizeni," ananong'ona sekilitaleyo. "Lemberanitu panopa kuti Dokotala Mwango. Tonse muno timawaitana choncho. Akangoona zimenezo asaina mosavuta."

Nthawi inali ikuthamanga, cholembera chili m'manja. Ngosa anayang'ana wotchi ya pakhoma, anayang'ana mzere wopanda kanthu pafomu paja, ndipo anabweza cholemberacho m'chikwama.

"Zikomo, koma ndifunsa eni ake."

Anadikira pafupifupi ola lathunthu. Atalowa, anafotokoza zonse osabisa kulakwitsa kwake, kenako anafunsa kuti, "Mukavomera, ndikulembeni bwanji?"

"Kodi panjapo sanakuuzeni kuti ndine Dokotala?" anafunsa Mayi Mwango.

"Andiuza. Koma ndikufuna ndimve kwa inu."

"Maphunziro a udokotala wa zamalamulo ndinayamba, koma sindinamalize."

"Ndiye ndilemba kuti Mayi Mwango, loya. Mundikhululukire."

Loyayo anaphulika kuseka. "Tauni yonseyi inandipatsa kale udokotala, inu ndinu woyamba kundimana. Bweretsani kuno ndisaine. Munthu wotere ndingamuchitire umboni kulikonse."

Ngosa anatsika masitepe aja nsapato zili m'manja. Anafika kuofesi ya sukulu kutatsala mphindi khumi ndi zisanu. Mlembi uja anawerenga mzere ndi mzere, anaimba mafoni awiri, kenako anadinda chidindo. Kulira kwa chidindocho Ngosa amakukumbukira mpaka lero.

Musaganize kuti mavuto anathera pamenepo. M'mawa ankaotcha chinangwa, madzulo ali m'kalasi ndi ana a msinkhu wa mng'ono wake. Mabuku ake onse anali ndi zidindo za zala zamakala. Atamaliza digiri, anapita ku Lusaka kukalemba mayeso olowera ntchito ya uloya, amene amagwetsa anthu ngati mango a mu Disembala. Anagwa. Anabwereza, anagwanso. Bupe anakula mpaka kumaliza sekondale mayi ake akadali mwana wasukulu.

Zaka zonsezo geti linkamuitana kuti Ba Loya, ena monyoza, ena mwachikondi. Koma Ngosa sankayankha. "Musanditchule choncho," ankatero. "Sindinafike." Bana Kunda ankachita dala kukuwa kwambiri, koma mayiyo ankangotembenuza chinangwa chake ngati sakumva. Iye anali ataona kale kuti ulemu wobwereka umapsereza.

Ulendo wachitatu anakhoza. Panali patatha zaka zisanu ndi zitatu chimubwezereni fomu ija.

Atalumbira kukhala loya ku Lusaka, anabwerera ku Ndola, ndipo Lolemba lotsatira anafika pageti lomwe lija atanyamula mkanjo wakuda padzanja. Otsuka magalimoto anasiya ndowa zawo. Bana Kunda anaimirira, chipande chili m'manja.

Pabenchi pafupi ndi mbaula panakhala Bashi Mpundu, tsopano oyendera ndodo, ambulera ili pambali. Anali atamuitana Ngosa kuti adzagwire ntchito muofesi yawo, ndipo pamwendo pawo panali pepala lopita kwa wolemba zikwangwani za pakhomo. Anavala magalasi aja, anatulutsa cholembera, n'kumuyang'ana.

"Mayi, ndikulembeni bwanji?"

Misozi inalengeza m'maso mwa Ngosa. Koma mawu ake anatuluka olimba, geti lonse linamva.

"Ngosa Kapambwe, loya. Musawonjezere, musachotse."

Pomwepo Bana Kunda anataya chipande cha zitumbuwa, analuluta, n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse, "Ba Loyaaa!"

Ndipo Ngosa anatembenuka, nayankha ndi mawu aulemu ovomera kuitana kuti, "Mukwai!"

Inu amene fomu yanu yakhwatchidwa, amene mwalakwitsa pamaso pa anthu mpaka kufuna kulowa pansi, dziwani kuti kulakwitsa si kulephera. Funsani, konzani, gogodani pachitseko china, ngakhale chikhale chachisanu ndi chitatu. Musakhutire ndi dzina limene anthu akukubwerekani pageti. Lanu lenileni likubwera, ndipo tsiku lomwe mudzaliyankhe lidzakoma kuposa masiku onse amene munalira. Osataya mtima, dzukani pamwalapo.