Petulo wa Bwato la pa Kande

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha tayala. Nditamaliza Fomu 4, ndinkagulitsa zitumbuwa pageti la kakampani kobwereketsa galimoto ku Chibanja mu Mzuzu. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo agogo NyaMhango, amene anandilera ku Masasa, ankati ndinabadwa ndi maso anayi koma pakamwa theka. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuuza mwini kampaniyo, a Nyirenda, kuti tayala lakumbuyo la galimoto yawo yoyera lakhala likuphwa pang'onopang'ono kuyambira Lolemba. Anagwada n'kulikanikiza ndi chala.

"Dzina lako?"

"Tiwonge."

"Ubwere mawa, Tiwonge. Beseni ulisiye kunyumba."

Makasitomala athu ankayendetsa okha, ndipo ambiri ankafuna msewu wa m'mbali mwa nyanja: kutsetserekera ku Nkhata Bay, kudutsa Chintheche, Kande ndi Dwangwa mpaka ku Nkhotakota. Galimoto isanatuluke, ndinkaona ngati muli jeke, sipanala ya mawilo, tayala lapadera ndi zingwe zodzutsira batire. Ndinkasolola kachitsulo koyezera oyilo, kukapukuta, kukabwezera n'kukasololanso. Kenako ndinkalemba pepala la ulendo: pomwetsa mafuta, podyera, pogona, pamene netiweki imathawa, ndi milatho yopapatiza yodutsa galimoto imodzi. Lamulo la a Nyirenda linali limodzi: "Malo alionse amene walemba, uwaimbire foni m'mawa womwewo." Apa ndi pamene panali vuto langa. Mawu a munthu wosamudziwa akamveka pafoni, lilime langa linkauma.

Loweruka lina, m'nyengo imene mafuta ankasowa, kunabwera bambo Amidu, ogulitsa nsalu mumsika. Ankapita ku Nkhotakota ndi mayi awo okalamba, Abiti Saidi, ku ukwati wa mdzukulu amene mayiwo analera okha. Mwambo unali wa 2 koloko masana. Ndinaona kuti mapazi a mayiwo ndi otupa ngati a agogo anga, choncho ndinawonjezera malo awiri opumulira, okhala ndi mpando ndi chimbudzi chabwino.

Mu Mzuzu tinapeza petulo wochepa, wongokwanira kufika ku Chintheche. A Nyirenda anandiuza kuti ndifunse ngati kumeneko mafuta alipo. Ndinaimba, foni inalira kawiri, ndipo ndinadula ndekha. M'faelo munali pepala losonyeza kuti kasitomala wina anamwetsa komweko Lachitatu. A Nyirenda atandifunsa ndinati, "Ndafunsa, alipo."

Cha m'ma 9 koloko bambo Amidu anaimba.

"Achemwali, tili pa Chintheche. Mapampu onse awakulunga mapepala apulasitiki, ndipo kanyale ka mafuta kayaka. Amayi akundifunsa ngati mdzukulu wawo avale nsalu ya ukwati popanda iwo. Ndiwayankhe chiyani?"

A Nyirenda anali atamva zonse. Sanakalipe. Anangokankhira foni ya ofesi kwa ine n'kukhala pansi.

Munthu yekhayo amene sindinkaopa kumuimbira anali agogo. Iwo anakhala zaka zambiri akupikula usipa ku Kande kudzagulitsa mu Mzuzu.

"Mwawuka uli, agogo? Ndalakwitsa kuntchito."

Nditafotokoza anati, "Pa Kande pali NyaManda, mnzanga wakale. Mwana wake ali ndi bwato la injini, petulo sasowa."

"Nambala yawo muli nayo?"

"Nambala ya chiyani? Ife tinkangoitanana. Pakamwa uli napo, funsa."

Ndinayamba ndi nyumba yogona alendo ya pa Kande imene inali m'faelo. Anayankha mlonda, ndipo ndinachita chibwibwi mpaka anafunsa ngati pafonipo pali munthu. Iye anandipatsa nambala ya mayi wogulitsa chinangwa, mayiyo anandipatsa ya mlamu wake, mlamuyo anayenda wapansi mpaka pakhomo pa NyaManda n'kuwapatsa foni. Nditatchula dzina la agogo, gogoyo anaseka mpaka kutsokomola.

"NyaMhango akadali moyo? Akadali wokangana pamtengo?"

"Chomene, sanasinthe," ndinayankha.

Mwana wawo, bambo wa mawu okhuthala, anati ali ndi zigubu ziwiri. A Nyirenda analemba mofulumira pakapepala n'kundionetsa: wosasakaniza. Injini zambiri za mabwato zimamwa petulo wothira oyilo, ndipo ameneyo sayenera kulowa m'galimoto. Ndinafunsa. Chigubu chimodzi chinali chothira kale, china ayi. Wanjinga yamoto ananyamula chosathiracho kupita nacho ku Chintheche, ndipo bambo Amidu anasefa petuloyo ndi kansalu koyera pothira. Iwo ali m'njira, ndinaimbira ku Dwangwa osatumidwa ndi munthu, n'kudikira mpaka wina atayankha kuti mafuta alipo.

Itangotsala pang'ono kukwana 2 koloko, uthenga unalowa: tafika. Apo ndi pamene a Nyirenda anayankhula. "Kusowa kwa mafuta si mlandu wako. Mawu aja akuti ndafunsa, amenewo ndi ako." Ndinavomera. Anandiuza kuti ndikapukute galimoto yobiriwira, ndipo nkhaniyo sanaibwerezenso.

Lolemba bambo Amidu anabweza galimoto. Anati anapeza amayi ena atayamba kale kumanga mpango kumutu kwa mkwatibwi, koma Abiti Saidi anaumasula n'kuumanganso okha. Bambo Amidu anasiya chitenje choti ndikapatse agogo anga, ndipo ine ndinangokwanitsa kuthokoza kuti, "Yewo chomene."

Lero ndimaphunzitsa ena kulemba pepala la ulendo. Ndimawauza kuti mapu ndi faelo zimanena za dzulo, za lero amadziwa ndi munthu amene waima pamalopo, ndipo munthuyo sangakuuze usanamufunse. Nambala ya NyaManda ndinailemba pakhoma la ofesi. Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi ndimawaimbira kuti acheze ndi agogo, koma timayamba tacheza kaye awiri. Agogo amadikira atatambasula dzanja, akung'ung'udza kuti theka lija la pakamwa linapezeka, ndipo tsopano likuwathera mayunitsi.