Mkanda wa Hala wa Ululani

Ululani anakulira ku Kalapana, mudzi wa ku Hawaii, akudziwa hala ngati mtengo basi. Masamba ake aminga ankawasadzula, kuwaumitsa n'kumalukira zipewa ndi mikeka yokagulitsa ku Hilo, ndipo zipatso zake zonunkhira ankazitunga kukhala mikanda ya m'khosi. Chihawai sankachidziwa kwenikweni, chifukwa makolo ake ankakwapulidwa kusukulu akachilankhula, ndiye sanafune kuti ana awo adzavutike nacho.

Anakwatiwa ndi Kamuela, msodzi wokonda nthabwala, n'kukakhala m'nyumba ya apongozi ake, mayi Nāmaka. Mayiwa sankalankhulalankhula, koma popemphera ndi pokalipira nkhuku ankatero m'Chihawai.

Tsiku limene Kamuela ankalowetsa boti lake latsopano m'nyanja, Ululani anamuveka mkanda wa hala. Mayi Nāmaka atauona anagwa nkhope, n'kuuza mwana wawo kuti auvule. Kamuela anangoseka. Anafotokozera mkazi wake kuti m'Chihawai mawu akuti hala amatanthauzanso kuphonya, n'chifukwa chake asodzi akale sankauvala popita kukawedza.

"Ndikabwerako chimanjamanja mlandu ndi wako, udya poi wopanda ndiwo," anatero akumutsina patsaya.

Ululani anamuchonderera kuti angouvula, koma iye anati chopangidwa ndi manja a mkazi wake sangachitaye anthu akuona.

Masana nyanja inalusa. Asodzi ena onse anabwerako, iye ayi. Anamufunafuna mpaka kutopa, koma chimene anapeza chinali chigubu cha mafuta chikuyandama. Mchimwene wake wa Kamuela atabwera kudzanena zimenezi, mayi Nāmaka anakhala pansi pakhonde n'kunena mawu awiri okha: "Ua hala."

Ululani anaganiza kuti akunena mkanda uja. Mlamu wakeyo anamunong'oneza kuti ayi, akuti wapita, watisiya. Pa mapemphero a maliro, amene anachitika popanda mtembo, anawamvanso mawu omwewo m'kamwa mwa abusa. Anafunsa mayi wina amene anakhala naye pafupi, ndipo anamuyankha kuti pamenepo hala ndi tchimo, kulakwa kwa munthu. Kuchokera tsiku limenelo Ululani sanapondenso m'tchalitchi.

Abale ake anamuuza kuti abwerere kwawo, akadali mtsikana, apezanso banja. Iye anakana. Anatsala ndi apongozi akewo, kuwaphikira, kuwachapira, ndipo atayamba kufooka miyendo ankawasambitsa. Kuluka sanasiye, poti n'kumene ankadyera, koma zipatso za hala ankazisiya ziwolere pansi. Awiriwa ankadya mbale imodzi mwakachetechete. Mayi Nāmaka sanamunenepo choipa, komanso sanamuuzepo kuti alibe mlandu.

Patapita zaka zambiri, akuwapesa tsitsi panja, Ululani analimba mtima.

"Amayi, kodi ndinamupha ndine?"

Mayiwo anayang'ana kunyanja.

"Nyanja siimva Chihawai, mwana wanga," anatero. "Komabe ine ndinamuuza kuti avule."

Ululani anapitiriza kupesa. Nkhaniyi sanaiyambenso.

Kenako chiphalaphala chamoto chinatsika kuphiri, pang'onopang'ono, chikudya munda ndi munda. Anthu ananyamula zimene akanatha. Ululani anakweza apongozi ake m'galimoto ya mlamu wake, iye n'kukhala kumbuyo pamwamba pa matiresi, akuona utsi ukukwera pamene panali mitengo yake. Anakafikira m'kanyumba kakuseri kwa sitolo ina ku Hilo. Mayi Nāmaka sanazolowere phokoso la m'tauni. Anasiya kudya, ndipo chaka chisanathe anamwalira atagwira dzanja la Ululani, akumutchula dzina la Kamuela.

Ululani anapeza ntchito yosita zovala kuhotela, ndipo anaigwira mpaka msana unakana. Masiku ano amakhala ndi mwana wa mng'ono wake. Nthawi zina amapempha kuti amuperekeze mpaka pamene msewu wa ku Kalapana umathera pa thanthwe lakuda la chiphalaphala chija. Amatsika, n'kuyenda pang'ono ndi ndodo yake, koma satha kuloza pamene panali nyumba.