Tsamba Lithere Pomwe Linkathera

Mkazi wanga sadziwa kuwerenga. Kutchalitchi kwathu ku Nkhulambe palibe ankadziwa zimenezi, chifukwa buku la nyimbo ankaligwira bwino kuposa aphunzitsi. Nyimbo anaziloweza, analowezanso liwu limene tsamba lililonse linkathera. Tikafika pamenepo mpingo wonse unkatembenuza pamodzi, iye ali momwemo.

Mabukuwo anali a nyimbo zathu za Chilomwe, otayipidwa kalekale, ndipo anatha ndi thukuta. Nthawi ya matipate, munthu wina wofuna uphungu analipira kuti alembedwenso pa kompyuta. Ine wa Sitandade 6 yakale ndinasankhidwa kuyang'anira. Mayi wina wotayipa kuboma anakopera tsamba ndi tsamba, ine ndili pambali. Kenaka anaika bukulo pa disiketi n'kulitumiza ku Blantyre kukasindikiza. Kompyuta ya kumeneko inali ndi maganizo akeake, ngati phungu akawina. Inakankha mizere, masamba n'kumathera pena.

Lamulungu loyamba ndi mabuku atsopanowo, odziwa kuwerenga anatembenuza ndime ili pakati. Ena anadikira liwu lakale. Mapepala atalira kachiwiri, mitu inacheuka. Mwa ochedwawo munali amayi angapo, mkazi wanga, ndi mkulu wa mpingo wovala magalasi, zolembera zili ndandanda pathumba la jekete.

Pobwerera mkazi wanga anati, "Sabata yamawa mupita nokha, bambo. Mutu udzandipweteka."

Ndinapalasa njinga kupita kwa wotayipa uja.

"Agogo, mawu onse alimo, palibe lomwe latayika."

"Sindinabwerere mawu. Tsamba lithere pomwe linkathera."

"Ndiye masamba ena atsala theka opanda kanthu."

"Atsale. Nkhokwe zathu zimatsala choncho, boma silidandaula."

Anaika chizindikiro chodula tsamba m'malo onse akale, n'kusunga bukulo mwa njira ina yoti mizere iume ngati chithunzi. Ndinalamula kuti alitsegule pa kompyuta ya mnzake, ine ndikuona. Palibe chinasuntha.

Poyamba komiti ya mpingo inakana kusindikizanso, ati n'kuwononga mapepala. Mkulu wa magalasi anaimirira n'kunena kuti maso a anthu ophunzira amafuna masamba otakasuka. Palibe anafuna kuoneka wosaphunzira. Zinadutsa.

Mabuku atafika ndinabweretsa awiri kunyumba. Tinakhala pakhonde n'kuyimba, ine ndikutsata zilembo, iye chala chili pakona ya tsamba. Tinatembenuza pamodzi. Anatseka bukulo n'kupita kukachapa mpango wake woyera wa kutchalitchi.