Mpweya wa Abambo Anga

Mwezi wa Okutobala damu la pa famu yathu, kufupi ndi tauni ya Concession, linkanunkha matope ndi dizilo. Madzi akatsika, paipi yokokera madzi ku nazale ya fodya inkatsekeka ndi ndere, ndipo m'komboni monse munthu mmodzi yekha ndiye ankatha kubira pansi pa madzi n'kukaitsegula pakati pa damu: abambo anga. Ankavula ovolosi, n'kukhala duu pamwala ngati akumvera wailesi, kenako n'kulowa mwakachetechete. Ine ndinkaima kumtunda nditatsina mphuno kuti ndipikisane nawo, koma ndinkapuma kanayi iwo asanavuuke. Funso limodzi linkandisowetsa mtendere: mpweya wonsewo amausunga pati? Ndinkawayang'anitsitsa nthiti akamadya, ndinkawagunditsa khutu pamsana, koma chifuwa chawo chinali ngati cha munthu wina aliyense.

Tsiku lina titaweruka ku Sande sukulu, mkazi wa mlaliki watsopano, Mshona wa ku Goromonzi, anandikokera pambali nandifunsa motsitsa mawu, "Nhai mwanangu, baba vako vane mweya here?" Chishona changa chinali cha pamasewera ndi kusitolo basi. Ndinamva ngati akufunsa za mpweya wathu womwewu wopuma, ndipo ndinayankha monyadira kuti ali nawo wambiri, kuposa aliyense pa famupo. Sindinkadziwa kuti kwa anzathuwo mweya ndi mzimunso, ndi kuti mphekesera inali itawanda kale yakuti bambo a Chimalawi aja ali ndi njuzu, mzimu wa m'madzi. Lamulungu lotsatira, abambo, amene ankanyamula mbale ya Mgonero, anauzidwa kuti ayambe akhala kumbuyo. Mboni inali mwana wawo yemwe.

Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa chikoti. Anangonditengera kudamu n'kundiululira chinsinsi ndinkachifuna chija, ndipo kunena zoona chinandikhumudwitsa: kupuma pang'onopang'ono mpaka mtima utakhazikika, kusapupuluma, ndi kutsata paipi ndi dzanja. "Chifuwa chimayamba kulira nthawi isanakwane, ngati mwana wofuna bere," ankatero. Masabata atatu ndinamwa madzi a damulo osati masewera, mpaka ndinayamba kufika pabango la tsidya ndi mpweya umodzi. Pansipo panali pobiriwira, pozizira, ndipo kugunda kwa injini yopopa madzi ndinkakumvera m'mano.

Nzeru zanga zachibwana zinkati akuluakulu a mpingo akaona kuti ndi luso lochita kuphunzira, nkhani ithera pomwepo. Loweruka lina akudutsa pakhoma la damu ndinawaitana, ndinabira, ndipo ndinakavuukira kubango kuja ndikudikira kuti andiombere m'manja. Anangoyang'anana, mmodzi n'kupukusa mutu. "Zalowanso mwa mwana," anatero.

Abambo sanaigwirenso mbale ija. Famu itapita kwa eni ena komboni inabalalika, injini inazulidwa, ndipo sindikudziwa ngati pali mwana amene amasambirabe m'damu limenelo. Lero ndimamasulira ulaliki m'tchalitchi chathu ku Mhangura, kuchoka m'Chishona kupita m'Chichewa, ndipo anthu amati lilime langa ndi lakuthwa. Koma mlaliki akangotchula mweya ndimaima kaye, mpaka ena amayesa ndaiwala. Ndimakhala ndikusinkhasinkha kuti akunena uti, pakuti tsiku lina ndinayankha mofulumira, ndipo abambo anga anakalamba mpaka kumwalira akukhala pabenchi ya kumbuyo.